Nzimbe ya Nangondo

Ku Limbe kunali munthu wina wosoka nsapato, dzina lake Magombo. Ankagwirira ntchito pakhonde la sitolo ina ya nsalu, atakhala pa kampando ka matabwa, singano ili kudzanja, ulusi uli kukamwa, nsapato za eni ake zili mbwee kumapazi. Pakhonde lomwelo pankakhalanso telala wina, Che Sumani, ndi makina ake opalasa ndi phazi. Awiriwa anamerera imvi pakhonde limenelo, akunyozana tsiku ndi tsiku ngati munthu ndi msuweni wake.

Magombo anali ndi mkazi, Nangondo, wa ku Phalombe. Ana analibe. Mulungu anawapatsa awiri n'kuwatenganso ali akhanda, ndipo anatsala okhaokha m'kanyumba ka lendi ku Bangwe. Nangondo ankachapa ndi kusita zovala za anthu. Anali mkazi wosadziwa kukhala pansi. Ukamupeza atakhala, ndiye kuti ali ndi malaya pamiyendo, akusokerera batani limene mwini wake sanamutume n'komwe.

Mwezi ukatha, Nangondo ankachita chinthu china chimene mwamuna wake sankatopa kuchiseka. Pa ndalama zimene walandira, ankapatulapo mapepala angapo. Ankawayala patebulo, kuphimba ndi kansalu, n'kuwasita ndi simbi yake ya makala mpaka awongoke bwinobwino. Akatero, ankaviika chala chachikulu m'madzi a buluu wochapira, n'kudinda pangodya ya pepala lililonse.

"A Nangondo, ndalamazo zaitanidwa ku ukwati?" Magombo ankafunsa.

"Zikupita kwa anthu aulemu. Mukufuna zikafike zokwinyika ngati buluku lanulo?"

"Nanga chidindocho?"

"Kuti zanga ndidzazidziwe. Kumeneko kumapita ndalama za anthu ambiri."

Ndalamazo zinkapita ku kampani ina yaikulu ya mu Blantyre imene anthu ankangoitchula kuti Msonkhamsonkha. Ndikuuzeni za kampaniyi mwachidule, chifukwa popanda iyo fanizoli siliyenda.

Inayamba kalekale ndi kalaliki wina wa ku njanji. Munthuyu anaona chinthu chimene chinkamusowetsa mtendere. Olemera ankagula masheya, ndiye kuti kachigawo ka umwini wa makampani akuluakulu, ndipo ndalama zawo zinkawagwirira ntchito iwo ali mtulo. Koma anzake onyamula zitsulo ankasunga zawo m'zitini pansi pa bedi, momwe zinkangotha mphamvu. Ndalama yogula thumba la chimanga chaka chino, chaka chamawa ikugula ndowa. Munthu mmodzi payekha sakanatha kugula sheya yolozeka. Ndiye kalaliki uja anati, "Tiyeni tisonkhe. Aliyense aponye chimene angathe m'thumba limodzi. Tikagule nazo pang'ono kuno, pang'ono uko, kuti kwina kukagwa, kwina kutigwire. Phindu likabwera, aliyense alandire molingana ndi mmene anaponyera."

Anthu anamuseka. Amvekere, "Msonkhamsonkha timachita pamaliro. Uyu akufuna atiike tili moyo." Dzina linachokera pamenepo, ndipo linakakamira.

Anayambira m'kachipinda kena pamwamba pa sitolo ya misomali. Zaka zinapita. Kunabwera zaka za chilala, mitengo ya masheya inagwa, ena anathamangira kukachotsa zawo akudandaula. Kunabweranso zaka zabwino, omwe anapirira anamwetulira. Kampani inkatapako pang'ono polipira antchito ake, zotsalazo n'kumakula. Analowamo aphunzitsi, anamwino, apolisi, mipingo, mpaka kachipinda kaja kanasanduka nyumba yosanjikizana ya magalasi, yokhala ndi nthambi m'zigawo zonse. Kalaliki uja anamwalira, koma lamulo lake limodzi linatsala: wobwera ndi zochepa asabwezedwe pakhomo.

Nangondo anamva za kampaniyi kwa mayi wina amene ankamuchapira. Kuyambira pamenepo sanaphonye mwezi. Ankavala chitenje chake chabwino, kuika ndalama zosita zija m'kansalu koyera, ulendo wa ku tauni.

"N'zachiyani zonsezi, mkazi wanga?" Magombo anafunsa tsiku lina. "Bwanji osangogula nyama tidye?"

"Manja awa adzakana tsiku lina, anu ndi anga omwe. Adzatipatse mchere ndani? Ana athu ali kuti?"

Magombo sanafunsenso.

Koma manja a Nangondo sanafike pokana. Chaka china, m'nyengo yozizira, anayamba kutsokomola. Anachapabe. Anasitabe. Tsiku lina anagwa pafupi ndi chingwe choyanikira, zovala zili paphewa, ndipo ku chipatala sanakhalitseko. Mtembo unapita kwawo ku Phalombe, monga mwa mwambo.

Patapita nthawi, abale a mkazi anabwera kudzamusudzula Magombo ndi kudzatenga katundu wa malemu. Sanali anthu oipa. Anayankhula mwaulemu, anamuthokoza chifukwa chosunga bwino mlongo wawo. Koma anatenga zonse. Zitenje, maduku, mabeseni, simbi ya makala, mphasa, kapu imene ankamwera tiyi, ngakhale chingwe choyanikira chija. Magombo anawathandiza yekha kukweza pagalimoto. Akanapempha kanthu kamodzi akanamupatsa, koma manyazi anamugwira. Mwamuna wa imvi kupempha duku pamaso pa alamu ake? Anangokweza dzanja kutsazika.

Atalowa m'nyumba, anapeza misomali yokhayokha kukhoma.

Sanalire. Kumanda sanalire, kunyumba sanalire. Anthu ankati ndi wolimba mtima. Koma ntchito inayamba kumuthawa m'manja. Ankabaya singano, n'kuima, maso ali kumsewu.

"Achimwene," anatero Che Sumani tsiku lina, ataimitsa makina, "nsapato imeneyo munaisoka dzulo. Lero mukuisokanso. Inzake yong'ambika ili apo ikukuyang'anani. Mwini wake ayende ndi phazi limodzi?"

Magombo anaika nsapato pansi.

"Che Sumani, m'nyumba muja mulibe kanthu kamene mkazi wanga anakakhudza ndi dzanja lake. Ngakhale kachigamba."

"Khoma analikhudza."

"Khoma ndi la eni nyumba."

Che Sumani anafuna kuponya mawu ena oseketsa, koma anawameza. Mwadzidzidzi Magombo anadzuka, kampando n'kugwa.

"Ndalama zija!"

"Ndalama ziti?"

"Za ku Msonkhamsonkha. Zija ankasita. Pali chala chake pamenepo, Che Sumani. Pepala lililonse lili ndi chala chake. Alamu anga sanafikeko kumeneko."

"Kwa anthu a mataye aja? Anagulira magalimoto kalekale. Mukapeza matayala okha, mubwere nawo tidulire nsapato."

Koma Magombo sanamve. Sankafuna kugula kanthu. Ankafuna kutenga mapepala aja, kuwaika m'thumba la pamtima, kuti akakhala yekha aziika chala chake pa chala cha mkazi wake. Basi.

M'mawa mwake Che Sumani anamubwereka jekete limene munthu wina anasiya osabweranso kudzatenga. "Musakalitayire misozi," anatero, "mwini wake akhoza kutulukira."

Nyumba ya Msonkhamsonkha inali yozizira m'kati ngati kumtsinje. Mlonda wa pakhomo anamulozera chikepe, koma Magombo anachiyang'ana chikutsekeka chokha, nasankha masitepe. Pamwamba anapeza mzere, anadikira, mpaka anafika patebulo la mayi wina wa magalasi, wa msinkhu wapakati. Dzina lake linali Mayi Mkwate, ndipo ntchito yake inali yolandira anthu osunga ndalama.

"Tikuthandizeni, bambo?"

"Ndabwerera ndalama za mkazi wanga. A Nangondo, a ku Bangwe."

Mayiyo anavula magalasi.

"Mayi aja a ndalama zosita? Tinadabwa kuti miyezi ikudutsa osawaona. Ali bwanji?"

"Anatisiya."

Mayi Mkwate anagwira pakamwa. Anaitana mnzake wa tebulo loyandikana, namuuza motsitsa mawu, ndipo nayenso anasiya zimene ankachita.

"Pepani kwambiri, bambo. Muno tonse tinkawadziwa. Ndalama zawo zinkabwera zikununkhira sopo. Tinkalimbirana kuti awalandire ndani." Anaona m'makina ake kanthawi. "Inu ndinu a Magombo? Analembetsa dzina lanu kuti iwo akadzapita, zonse zidzakhale zanu. Palibe vuto lililonse. Mukasaina apa, tikutumizirani ku banki kapena pafoni, mmene mungakondere."

"Ayi, mwana wanga, simunandimve. Sindikufuna za pafoni. Ndikufuna zomwe zija."

"Zomwe zija?"

"Mapepala amene ankabwera nawo. Ali ndi chala cha buluu pangodya. Simuvutika kuwapeza. Kangotsegulani bokosi lake mundipatse."

Munthu wina pamzere anaseka. Mayi Mkwate anamuyang'ana kamodzi kokha, ndipo kuseka kunathera pomwepo. Kenako anazungulira tebulo, anakoka mpando, nakhala pafupi ndi mkuluyo.

"Bambo, muno mulibe bokosi la munthu. Ndalama zikafika, tsiku lomwelo zimasakanikirana ndi za anzawo. Mawa lake zapita kukagwira ntchito."

"Simunamuuze zimenezo?"

"Tinkawauza kawirikawiri. Ankangoseka, amvekere, 'Inu nenani zanu, ine ndizidinda zanga.'"

Anali mawu a Nangondo enieni, ndipo anamulasa Magombo pamtima. Anayang'ana manja ake akuda ndi guluu.

"Ndiye kuti palibe ngakhale limodzi?"

"Palibe, bambo. Ndikananama ndikanati dikirani ndikafufuze. Mapepala amenewo anayenda m'manja mwa anthu ambiri. Ena anang'ambika kalekale."

"Mwamumwaza mkazi wanga."

Sanakweze mawu. Anangonena ngati munthu wonena kuti mvula yayamba.

"Sizinatayike," anatero Mayi Mkwate. "Gawo lawo lilipo lonse, ndipo lakula kuposa zimene anabwera nazo. Mukasaina, mulandira."

"Zatsopano?"

"Zatsopano."

"Zosamudziwa."

Patapita kanthawi Magombo anafunsa, "Mwati zinapita kukagwira ntchito. Kuti?"

"Malo ambiri. Zina zili m'mabanki. Zina zili mu nsanja za foni mumaziona pamapiri zija. Zina ku fakitale ya simenti. Zina m'minda ya nzimbe ku chigwa cha Shire. Aliyense woponya m'thumba lino ali ndi kachigawo paliponse pamene thumba lafika."

"Wochapa zovala ali ndi munda wa nzimbe?"

"Munda wonse ayi. Tingoti nzimbe imodzi kapena ziwiri."

"Iti?"

"Sitingaloze, bambo. Palibe angaloze."

Magombo anadzuka pang'onopang'ono. Mayi Mkwate anamusonyeza posaina, koma iye anapukusa mutu. "Ndikaganize," anatero, natsika masitepe atagwira khoma.

Atafika pakhonde, Che Sumani anamva nkhani yonse atatsamira makina ake.

"Ndiye mwasiya ndalama chifukwa si zosita? Achimwene, kasaineni. Mubwere nazo kuno, simbi ndili nayo, ndikusitirani ulere. Mugule bedi, mugule bulangete. Mukugona pa chiyani panopa?"

"Pa makatoni."

"Mwaona! Nangondo akanakuonani akanakuthirani madzi a sopo."

Zimenezo zinali zoona, ndipo Magombo anadziwa. Koma ankaona ngati akasaina, ndiye kuti watseka chitseko chotsiriza. Adzagula bedi, bedi lidzathyoka, ndipo dzina la mkazi wake lidzafufutika ngakhale m'makina a anthu aja amene ankalimbirana kumulandira. Akapanda kusaina, nanga watsala ndi chiyani? Mawu okhaokha a mayi wa magalasi. Mawu sungawaike m'thumba la pamtima.

Chinthu chimodzi chokha chinamukakamira m'mutu. Banki sungaigwire. Nsanja ya foni sungaikwere. Koma nzimbe ndi chinthu chimene munthu angachione ndi maso.

Loweruka anamangirira zida zake m'thumba, nazisiya kwa Che Sumani.

"Mukupita kuti?"

"Ku Chikwawa. Kukaona nzimbe ya mkazi wanga."

"Mwapenga tsopano. Mukakumana ndi nsanja ya foni m'njira, muipatse moni, ndi mlamu wanu."

Minibasi inatsika msewu wokhotakhota uja, makutu akutsekeka, mphepo yozizira ikutsalira kumtunda. Pansi kunali kotentha ngati pafupi ndi ng'anjo. Magombo anatsika pomwe anaona minda yayamba, nayenda wapansi m'kamsewu kafumbi.

Anaima. Iye ankaganiza za munda ngati wa kumudzi, wokhala ndi malire, woti ukaima pakati umaona mbali zonse. Koma uwu unalibe mathero. Nzimbe kumanja, nzimbe kumanzere, nzimbe mpaka kumene thambo lakumana ndi nthaka, zonse zofanana, zonse zikuwerama limodzi mphepo ikawomba. Mtima wake unagwa. Apa munthu angayambire pati?

"Madala! Kuno sikoyendayenda. Mwasochera?"

Anali mlonda wa mindayo, bambo wamtali wovala yunifolomu yotuwa, chikwanje chili m'manja.

"Sindinasochere. Ndikufuna nzimbe ya mkazi wanga."

"Akazi anu amagwira ntchito kuno?"

"Ayi. Ankachapa zovala ku Bangwe. Anamwalira."

Mlonda anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kuona ngati walawa kachasu. Ataona kuti ayi, anati, "Dzuwa ili likuphani. Bwerani pamthunzi, mundiuze bwinobwino."

Anakhala pansi pa mtengo, pafupi ndi ngalande ya madzi. Magombo anafotokoza zonse: simbi ya makala, chala cha buluu, alamu ake ndi galimoto yawo, mayi wa magalasi. Mlonda anamvetsera akukanda pansi ndi chikwanje.

"Msonkhamsonkha mwati?" anafunsa. "Ifenso amatidula pamalipiro mwezi ndi mwezi, amati n'zodzadya tikapuma ntchito. Amati zimapita komweko."

"Ndiye kuti zanu ndi za mkazi wanga zili pamodzi."

"Zikuoneka choncho." Mlonda anaseka pang'ono, napukusa mutu. "Taonani zinthu. Zaka zonsezi ndakhala ndikuthamangitsa mbuzi ndi akuba, ine kumati ndikulondera za mabwana. Kani ndimalondera nzimbe ya amayi."

Thirakitala inadutsa itakoka ngolo yodzaza, ndipo pokhota inagwetsa nzimbe zingapo mumsewu. Mlonda anadzuka, anatola imodzi, anaipukuta pa yunifolomu, nabwera nayo.

"Nayi."

"Ndi yake?"

"Madala, zonsezi zimamwa madzi a ngalande imodzi. Zimadya dothi limodzi. Fetereza wake anagulidwa ndi ndalama za m'thumba limodzi. Mukanena kuti iyi si ya amayi, mundiuze kuti ndi ya ndani."

Magombo anailandira ndi manja awiri. Inali yolemera, yofunda ndi dzuwa, yakuda ndi mwaye chifukwa minda amaiwotcha asanadule. Anafuna kuiluma, koma mano ake anali atatsala owerengeka. Mlonda anaitenganso, anaisenda ndi chikwanje, anaidula tizidutswa ting'onoting'ono ngati topatsa mwana, namuikira m'dzanja.

Anatafuna. Madzi ake anatsikira kukhosi.

Akutafuna choncho, anayamba kuona zimene poyamba sanazione. Chapatali panali amuna odula nzimbe, matupi akuda ndi mwaye, zikwanje zikung'anima. Panali amayi opalira m'mizere atamanga maduku. Panali wina wotsegula madzi m'ngalande, wina woyendetsa lole, wina wogulitsa thobwa pamphambano akudikira kuti anthuwa aweruke. Kuseri kwa mitengo kunkafuka utsi wa fakitale. Aliyense wa anthu amenewa anali ndi pakhomo pake, ndi ana ake odikira kuti bambo kapena mayi abwera ndi chiyani. Ndipo penapake m'kati mwa zonsezi, pamalo osalozeka, munali msana wa Nangondo umene unawerama pabeseni, ndi zala zake zimene zinasuwa ndi sopo.

Akanasunga mapepala aja m'bokosi monga iye ankafunira, bwenzi akungogona mumdima, chete, osapindulira munthu.

"Mkazi uyu," anatero Magombo. "Ngakhale kumanda sakupuma."

Anafuna kuseka, koma chimene chinatuluka sikunali kuseka. Analira. Misozi imene inakana kumanda, imene inakana m'nyumba yopanda kanthu, inatuluka yonse pamenepo, pansi pa mtengo wachilendo, pafupi ndi munthu amene sankamudziwa ngakhale dzina. Mlonda anangopitiriza kusenda nzimbe, n'kumamuikira m'dzanja kachidutswa kena, kenanso, mpaka inatha.

Lolemba m'mawa Magombo anakweranso masitepe a ku Msonkhamsonkha. Mayi Mkwate atamuona anadzuka kumulandira.

"Mwaganiza, bambo?"

"Ndaganiza. Munditapireko pang'ono pokha, pogula bedi ndi bulangete. Mnzanga wa pakhonde sandipatsa mtendere. Zotsalazo zisiyeni komwe ziliko. Zili pa ntchito, musazisokoneze."

"Titero."

Kenako mkuluyo anapisa m'thumba, natulutsa ndalama zochepa zimene anapeza posoka nsapato sabata yapitayo. Anaziika patebulo, nazikankhira kwa mayiyo.

"Izi ndi zanga. Muziike pamodzi ndi zake."

Mayi Mkwate anazengereza. Sanafune kumunamiza.

"Bambo, mukudziwa kuti sitingaziike pafupi ndi zawo zokha. Zikalowa, zisakanikirana ndi za anthu onse."

"Ndikudziwa, mwana wanga. N'chifukwa chake ndabwera nazo. Zikasakanikirane. Kumeneko palibe adzathe kunena kuti izi ndi za Magombo, izi ndi za Nangondo. Palibe adzabwere ndi galimoto kudzatilekanitsa."

Mayiyo anatembenuka ngati akufuna cholembera, koma cholembera chinali m'dzanja lake.

Abale anga, fanizo lathera pamenepo. Tanthauzo lake ndi limodzi, ndipo sindilizungulira.

Tonse tili ndi zimene tinaika m'manja mwa Mulungu. Wina unaika mapemphero a zaka zambiri, kupempherera mwana amene sakusintha. Wina unaika thukuta lako, kulera ana a mbale wako amene lero sakupatsa ngakhale moni. Wina unaika munthu wako, unamuperekeza kumanda, n'kubwerera wekha. Ndipo timabwera kwa Mulungu monga anabwerera Magombo, n'kumati, "Tsegulani bokosi. Ndipatseni zomwe zija, mmene ndinakupatsirani, ndi chizindikiro changa chili pomwepo." Akapanda kutipatsa timati wataya. Timati wamwaza.

Mulungu alibe bokosi losungiramo zinthu kuti zizingogona. Chimene walandira amachituma ku ntchito tsiku lomwelo. Amachisakaniza ndi cha mnzako wa ku Nsanje, cha wina wa ku Karonga amene sudzamuona, cha ena amene anapita iwe usanabadwe. Pemphero lako lija mwina linakagwira mwana wa munthu wina amene anali pafupi kugwa. Pemphero la munthu wina ndi limene lakugwira iwe mpaka lero. Sungaloze kuti langa ndi ili. Koma kusalozeka si kutayika.

Ndipo iwe amene umati changa n'chochepa, ndine wochapa zovala chabe, ndine wogulitsa tomato, ndinaphunzira kulemba dzina langa ndili ndi zidzukulu, leka zimenezo. Pakhomo pa Mulungu sabweza wa zochepa. Ukaponya chako, uli ndi gawo m'munda wonse.

Okondedwa athu amene anatsogola ali m'manja omwewo. Sitidzawapeza m'duku kapena m'kapu ya tiyi, ngakhale zinthu zimenezi zimatonthoza. Ukufuna kukhala pafupi nawo? Tenga moyo wako lero, mmene uliri, wothimbirira ndi wotopa, ukauike m'manja mwa Iye amene anawalandira. M'menemo mulibe wolekanitsa.

Tiyeni tiimirire, tipemphere.